Atibera Mpira Ife Tili Maso pa Kanema



Mwambo wa tsamba lino ndi wakuti sabata iliyonse timasinkhasinkha limodzi mawerengo a Lamulungu likudzalo. Sabata ino mutikhululukire, tapatuka. Pali nkhani imene yakhala ikunong'onedwa kuseri kwa tchalitchi kwa masabata atatu tsopano, ndipo manong'onong'owo ayamba kuwononga kuposa nkhani yeniyeniyo. Mmodzi mwa achinyamata athu, amene anzake adamukhulupirira kuti azisunga thumba la kwaya, wabwera yekha kudzaulula kuti ndalamazo palibe. Sadamwere mowa, ndipo sadaberedwe m'minibasi ya ku Limbe monga adanenera poyamba. Ndalama zimene oyimba adasonkha kwa miyezi inayi kuti agulire nsalu ya yunifolomu zidathera pa foni, usiku umodzi ndi theka la tsiku lotsatira, pobetcha mpira ndiponso pa kandege kaja kamene kamakwera mpaka kugwa. Dzina lake sititchula, ndipo amene mukumudziwa tikukupemphani kuti musalitchulenso. Zimene talemba pano mwiniwakeyo waziwerenga ndipo wavomera kuti zituluke.

Komiti ya achinyamata ikumana Lamulungu kuti igamule mlanduwu, ndipo mawu amene akumveka kwambiri ndi akuti achotsedwe m'kwaya ndi m'gulu. Ife tikutsutsana nawo maganizo amenewa. Koma tisanafike kumeneko tiyenera kuyamba tachitchula dzina chilombo chimene chamugwira mnzathuyu, pakuti chagwiranso ambiri mwa amene akufuula kuti achotsedwe.

Wina asatinamizire kuti akatekisiti adana ndi mpira. Tidakula tikumenya chikulunga cha mapepala apulasitiki pabwalo lasukulu, opanda nsapato, mpaka zala kusupuka. Wailesi yakanema ya dziko lino idangoyamba mu 1999, ndipo m'midzi yathu idachedwa kufika, kotero kuti Bullets ndi Wanderers tidazidziwira m'makutu, anthu khumi kuzungulira wailesi imodzi ya mabatire owotcha padzuwa. Pa 11 Januwale 2010, tsiku limene Flames ya Kinnah Phiri idathira Algeria zigoli 3 kwa 0 ku Angola, tidali ku seminale, ndipo tikukutsimikizirani kuti madzulo a tsiku limenelo lamulo lokhala chete silidasungidwe. Mu Januwale 2022, pamene Gabadinho Mhango adaponya mpira uja kuchokera kutali n'kulowa m'golo la Morocco, tidalumpha limodzi ndi inu, ngakhale kuti pomaliza tidagonja 2 kwa 1. Papa John Paul II, amene adayendera dziko lino mu Meyi 1989, paunyamata wake adali goloboyi. Malemu Papa Francis adakonda timu ya kwawo ya San Lorenzo mpaka kumwalira kwawo mu 2025. Paulo Woyera yemwe, polembera Akorinto, sadachite manyazi kutenga chitsanzo cha othamanga pa mpikisano. Mpira ndi mphatso, ndipo chifukwa chakuti ndi mphatso n'chifukwa chake tili okwiya.

Pitani pamsika wa Chonde Loweruka kapena Lamulungu masana, mukalowe m'nyumba ina iliyonse yoonetsera mpira, zija zokhala ndi bolodi panja lolembedwa ndi choko. Musayang'ane kanemayo, yang'anani anthu. Mudzaona kuti theka la iwo maso awo ali pa foni. Mudzaona mnyamata wovala jezi ya Arsenal akutukwana pamene Arsenal yomweyo yamwetsa chigoli chachitatu, chifukwa tikiti yake imati zigoli zisafike zitatu. Mudzamva chimkokomo cha chimwemwe pa kona chabe, mpira umene sudathandize aliyense, chifukwa wina adabetcha pa chiwerengero cha makona. Mudzapeza wina akutuluka thukuta chifukwa cha matimu a ligi yachiwiri ya dziko limene sangathe kuliloza pa mapu, osewera ake sakuwadziwa ndi mmodzi yemwe. Kale tinkakangana za Maule ndi Manoma chifukwa cha chikondi. Wogonja ankasekedwa sabata yathunthu, koma ankapita kwawo kukadya nsima. Lero wogonja akupita kunyumba kumene ufa wa mawa waubetcha kale. Mnyamata amene akupempherera timu yake kuti igonje walandidwa chinthu chimene adali nacho ali mwana, ndipo womulandayo akumulipiritsa pa kulandako.

Juga ya masiku ano imadyera pa khalidwe limodzi limene ife Amalawi tili nalo mochuluka: aliyense ndi katswiri. M'minibasi, pometetsa, podikira makasitomala a kabaza, aliyense ali ndi maganizo ake pa chilichonse chimene waona pa kanema. Amadziwa chimene mphunzitsi wa Manchester United adalakwitsa, amadziwa woyenera kugulidwa ndi woyenera kugulitsidwa. Kucheza kotereku kulibe tchimo, ndipo ndi mchere wa moyo wa tsiku ndi tsiku. Koma makampani a juga adazindikira kuti munthu wodziyesa katswiri n'ngosavuta kumukama. Samuuza kuti bwera udzachite juga, pakuti mawu amenewo amanunkha makhadi ndi ndewu za kuseri kwa msika. Amamuuza kuti iwe mpira umaudziwa, nzeru zakozo zikupatse ndalama. Mnzathu wa thumba la kwaya uja adatiuza mawu omwewa misozi ili m'maso: ndimaganiza kuti mpira ndimaudziwa.

Tiyeni tsono tichite masamu a Fomu 2, pakuti chilombochi chimaopa masamu kuposa ulaliki. Tiyerekeze kuti pali matimu awiri ofanana mphamvu, ndipo imodzi iyenera kupambana basi. Anthu 100 abetcha K1,000 aliyense, 50 mbali iyi, 50 mbali inayo. Kampani yatolera K100,000. Chilungamo chikadafuna kuti wolosera bwino alandire kawiri ndalama yake, ndiye kuti K2,000. Koma kampani siilemba 2.00, imalemba nambala yocheperapo, tinene 1.90. Opambana 50 aja alandira K1,900 aliyense, zonse pamodzi K95,000. K5,000 yotsalayo yalowa m'thumba la kampani, ndipo ikadalowabe ngakhale ikadapambana timu inayo. Kampani siibetcha, abale. Imangodula gawo lake pa ndalama zimene inu mukulandana nokhanokha.

Zimafika poipa pa tikiti yaitali ija imene timaikonda, ya magemu khumi, imene imalonjeza mamiliyoni pa K200. Ngati gemu iliyonse mwayi wolosera bwino uli theka, mwayi wolosera bwino onse khumi ndi umodzi pa 1,024. Mwina mukuti inu ndinu katswiri weniweni, mumalondola magemu 7 pa 10 alionse. Chabwino, tivomere. Ngakhale zili choncho, tikiti ya magemu khumi idzadutsa pafupifupi katatu kokha pa maulendo 100. Ndipo gawo la kampani lija limabereka pa gemu iliyonse imene mwawonjezera, kotero kuti K5 pa K100 ija, pofika gemu yakhumi, yasanduka pafupifupi K40. N'chifukwa chake amakulimbikitsani kuti muwonjezere magemu. N'chifukwa chakenso mawu omveka kwambiri pa Chonde Lolemba m'mawa ndi akuti yandiphera imodzi yokha. Gemu imodzi yophayo si tsoka ayi, ndi mmene msamphawo adaukonzera, kuti muchoke mukumva ngati mudatsala pang'ono.

Za kandege sitichedwapo. Pamenepo ngakhale bodza la ukatswiri palibe. Kompyuta ndiyo imasankha pogwera, ndipo ulendo uliwonse umatha m'masekondi owerengeka, kotero kuti ndalama imene pa mpira ikadatha m'sabata, pa kandege imatha munthu asadamalize kumwa kapu ya tiyi. Amene amagulitsa pa WhatsApp zimene amati ndi zizindikiro zodziwira pogwera ndi akuba achiwiri odyera pa mtembo wa akuba oyamba. Akadadziwadi, bwenzi akukugulitsani chinsinsicho pa mtengo wa bandulo?

Ku seminale tidawerenga nkhani imene yakhala ikutibwerera m'mutu masabata atatu onsewa. Augustine Woyera, m'buku lachisanu ndi chimodzi la Confessions, akusimba za bwenzi lake Alypius, mnyamata wa ku Thagaste kwawo komwe, mzinda umene lero uli m'dziko la Algeria lomwe tidalithira zitatu lija. Alypius adali wanzeru ndi wamakhalidwe. Ali ku Carthage adatengeka ndi mipikisano ya pabwalo lamasewera, koma adaleka atamva Augustine akuseka akapolo a masewerawo m'kalasi. Atapita ku Roma kukaphunzira zamalamulo, tsiku lina anzake adamukokera ku bwalo kumene anthu ankamenyana mpaka kuphana. Iye adawauza kuti angathe kukokera thupi lake kumeneko, koma mtima ndi maso ake sangazikakamize. Adakhala pansi n'kutsinzina. Koma makutu sadatseke. Munthu wina atagwa, khamu lonse lidafuula, ndipo iye adati angoona kamodzi kokha, podzikhulupirira kuti zimene aonezo azinyoza. Adatsegula maso, ndipo adachoka pabwalopo ali munthu wina. Adabwererakonso, adafika popitirira amene adamukoka aja, n'kuyamba kukoka ena.

Papita zaka zoposa 1,600, koma msamphawo ndi womwewo. Palibe amene amayamba yekha, amakokedwa ndi anzake. Palibe amene amayamba akudziwa kuti agwa, amayamba akudzitama kuti ine ndimadziletsa, ndingoika K100 yokha kuti gemu ikome. Kusiyana kwake n'kwakuti Alypius ankayenera kuyenda kupita kubwalo, pamene ife bwalolo tikugona nalo pamtsamiro. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limawerenga chizolowezi cha juga pakati pa matenda, limodzi ndi zizolowezi zina zomanga munthu. Wodwalayo amabetcha kuti abweze zimene waluza, amanama, amakongola, amagwira ndalama za eni ake ali ndi chikhulupiriro chonse kuti mawa azibweza. Mnzathuyu sadatenge thumba lonse nthawi imodzi. Adabwereka pang'ono kuti apulumutse zake, kenaka adabwerekanso kuti apulumutse zimene adabwereka poyamba.

Tikudziwa zimene mutiyankhe, pakuti mwakhala mukutiyankha pamaso. Yankho loyamba ndi lolemera, ndipo sitilipeputsa: ntchito kulibe. Ndi zoona. Kuno ku Mulanje anthu ndi ambiri, malo ndi ochepa, ndipo nthaka yabwino yambiri ili pansi pa tiyi. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adakokolola minda, nyumba ndi abale athu m'maboma a kuno kummwera, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu n'kuthawa. Mnyamata wa satifiketi ya MSCE amene akupalasa njinga ya eni ake, kapena mtsikana amene akudikira nyengo yothyola tiyi, akaona chithunzi cha munthu atanyamula chicheke chachikulu, sitingamunene kuti ndi wopusa. Njala ndi imene ikumulankhulitsa. Komatu apa m'pamene pali tchimo lalikulu la malonda amenewa. Amapita kumene kuli anthu otaya mtima n'kukawagulitsa chiyembekezo chabodza pa mtengo umene wosauka angakwanitse, K100 lero, K200 mawa. Ikani pamodzi timakwacha timeneto kwa chaka chathunthu, muone ngati simupezamo mbuzi, kapena mpamba wa geni ya nthochi ndi zinanazi. Ulova ndi bala lenileni, koma juga ikuthira tsabola pabalapo n'kumati ndi mankhwala.

Yankho lachiwiri ndi lakuti uje adawina. Inde adawina, ndipo tidamuona pa kanema. Amene sitidawaone ndi zikwi za anthu amene ndalama zawo zidapanga chekecho. Woluza sajambulidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lachitatu ndi lakuti boma lidaloleza. Zoonadi, pali lamulo la 2022 loyendetsa juga ndi malotale, pali bungwe la MAGLA loyang'anira, ndipo lamulo limaletsa aliyense wosafika zaka 18. Koma foni siiona nkhope. Ana a Fomu 1 amabetcha pa manambala a azakhali awo ndi achimwene awo, ndipo aphunzitsi a m'parishi muno angachitire umboni. Komanso si zonse zololedwa ndi lamulo zimene zili zabwino. Mowa wa m'masacheti udali wololedwa, unkagulitsidwa pa mtengo wa switi pafupi ndi masukulu, mpaka pamene kulira kwa makolo, mafumu ndi mipingo kudachititsa boma kuyamba kuuletsa mu 2015. Juga ya pa foni ndi sacheti ya m'badwo uno: yotsika mtengo, yobisika m'thumba, yopezeka usana ndi usiku. Maiko anzathu adayamba kale kuchita nayo mantha. Mu 2019 boma la Kenya lidaimitsa ziphaso za makampani angapo a juga, ndipo chaka chomwecho mtsogoleri wa Uganda adalamula kuti ziphaso zatsopano zisaperekedwe. Ngakhale ku England komwe, kwa eni ake ligi imene timaifera, matimu a Premier League adagwirizana mu Epulo 2023 kuti adzachotse maina a makampani a juga pachifuwa cha majezi awo ikadzatha ligi ya 2025/26. Chaka chomwecho Ivan Toney adaletsedwa kusewera miyezi 8 ndipo Sandro Tonali miyezi 10 chifukwa chophwanya malamulo a kubetcha. Awa ndi anyamata olandira pa sabata ndalama zimene ambiri a ife sitidzazigwira moyo wathu wonse, ndipo mpira amaudziwa kuposa tonsefe. Ngati chilombochi chidagwira iwo, mnyamata wa kabaza pa Chonde adzitama ndi chiyani?

Yankho lachinayi limatiluma ife a Mpingo, ndipo n'loyenera kutiluma. Mumati: nanga inu simugulitsa matikiti a mwayi pofuna kumanga tchalitchi, wopambana n'kutenga njinga kapena mbuzi? Timagulitsadi. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2413, saweruza kuti masewera a mwayi pa iwo okha ndi osalungama. Chimene amaphunzitsa n'chakuti amasanduka oipa pamene alanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa anthu amene iye akuwasamala, ndipo amachenjeza kuti chilakolako cha juga chingathe kusanduka ukapolo woopsa. Muyeso wake ndi umenewo. Tikiti imene mumagula kamodzi pa chaka, mukudziwa kuti ndalamayo ikupita ku malata a tchalitchi chanu, siifanana ndi makina opangidwa dala kuti musawaleke. Koma tisadzilungamitse msanga. Ngati pa mwambo wathu wosonkhetsa ndalama tikukakamiza mayi wamasiye kugula matikiti asanu pomuchititsa manyazi pamaso pa anthu, ndime yomweyo ikutiweruza ifenso. Bwalo la parishi liganizirepo bwino.

Tsono titembenukire kwa inu makolo athu ndi akuluakulu a Mpingo, ndipo tikulankhula ndi ulemu wonse, podziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Kwa zaka zambiri takhala tikudzudzula nyumba zoonetsera mpira kuchokera paguwa. Timadandaula kuti misonkhano ya Limana ya Lamulungu masana yatsala ya amayi ndi agogo okha, chifukwa mpira wa ku England umayamba 3 koloko kapena 4 koloko, nthawi yomwe timakumana. Kudandaula kwathu n'koona, koma tawapatsa chiyani anawa m'malo mwake? Holo imakhala yokhoma, kiyi ali ndi munthu mmodzi amene sapezeka. Bwalo lamera udzu. Mpira ukaphulika, pempho logulira wina limadikira misonkhano itatu. John Bosco Woyera sadakokere anyamata a m'misewu ya Turin ku Ukaristia powakalipira, adayamba wasewera nawo. Ife tawasiya m'manja mwa anthu amene amawalandira ndi mpando, kanema ndi nyimbo, kenaka tikudabwa kuti apita. Ndipo tinene chilungamo chonse: si achinyamata okha amene akubetcha. Tawaonapo abambo aulemu wawo, ena a maudindo, akusuzumira pa foni nthawi ya ulaliki, ndipo sadali kuwerenga mawerengo a tsikulo. Asilikali aja amene Yohane akutiuza m'mutu 19 kuti adachita maere pa mkanjo wa Ambuye adali pafupi ndi mtanda kuposa ophunzira ambiri. Maso awo okha ndiwo adali pansi.

Chimene chimatipweteka koposa ndi kuona nzeru ndi malirime akuthwa a achinyamata athu zikuthera pa zinthu za eni ake. Mnyamata amene angakutchulireni osewera onse a Liverpool ndi mitengo yawo sadziwa dzina la khansala wake. Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chisanachitike, ofuna mipando adabwera ndi zikho za mpira ndi mayunifolomu, tidavina, tidalandira, koma pamisonkhano imene ife tidafikapo sitidamve wachinyamata ndi mmodzi yemwe akufunsa kuti mukapambana mudzachita chiyani ndi malonda a juga amene akulengezedwa usana ndi usiku, pa nthawi imene ana ali maso. Chaka ndi chaka, kuyambira 2008, Mulhako wa Alhomwe umasonkhanitsa pa Chonde pano mafumu ndi atsogoleri a dziko. Ndi midzi yochepa m'Malawi imene akuluakulu amabwera okha pakhomo chotere, ndipo ife timangowaonerera ngati gemu inanso. Pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya Aepiskopi athu idawerengedwa m'matchalitchi onse, kulankhula maganizo ako pa nkhani za dziko kudali kuika moyo pachiswe, ndipo ophunzira a ku Chancellor College adayenda pamsewu kuikira kumbuyo Aepiskopiwo. Ufulu wolankhula umene adautengera pamoto ife tikuuthera pa kukangana ngati idali penate kapena ayi.

Ndipo ngati n'kunyadira masewera, zathu zilipo. Temwa Chawinga mu 2024 adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America n'kusankhidwa wosewera wopambana onse. Scorchers idatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Phiri ili limene timaliona m'mawa uliwonse tikamatsuka mkamwa, limene nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, bungwe la UNESCO lidalilemba mu Julaye 2025 pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo amalipira ndege kuchokera ku Ulaya kudzalikwera, ndipo anyamata ndi atsikana a konkuno amathamanga pamwamba pake pa mpikisano wa Porters Race. Tidafunsa gulu lathu la achinyamata kuti ndi angati adafikako ku Dziwe la Nkhalamba pa Likhubula, ndipo manja amene adakwera sadadzaze benchi imodzi. Onsewo amalota za ku Joni ndi ku London. Pa 7 Sepitembala 2025 Papa Leo XIV adalengeza kuti Pier Giorgio Frassati, mnyamata wokonda kukwera mapiri ndi anzake, ndi woyera, limodzi ndi Carlo Acutis, mnyamata wokonda kompyuta amene adadziwa kudziikira malire pa masewera ake. Ndalama ya matikiti a mwezi umodzi ikadatifikitsa tonse ku Likhubula ndi kubwerako.

Tibwerere kwa mnzathu uja. Walakwa, ndipo walakwa kwambiri. Adagwira za eni ake ndipo adanama. Kukhululuka sikufafaniza ngongole, ndipo chiphunzitso cha Mpingo n'chomveka kuti wotenga cha mwini ayenera kubweza. Koma kumuchotsa kubweza chiyani? Nsalu siibwera chifukwa chakuti mpando wake wa tenala uli wopanda munthu. Tikamuthamangitsa, malo okhawo amene adzamulandire ndi manja awiri ndi omwe adamugwetsa aja, ndipo adzapitako ndi ngongole pamutu ndi manyazi mumtima, zinthu ziwiri zimene juga imazikonda koposa. Anthu ena m'dziko muno afika podzichotsera moyo chifukwa cha ngongole ndi manyazi, ndipo sitifuna kudzayimba pamaliro nyimbo zimene iye adatiphunzitsa. Kumbukiraninso kuti adabwera yekha. Bodza la m'minibasi lija lidali litagwira kale, ambiri tidalikhulupirira, ena mpaka adayamba kumusonkhera. Chikumbumtima chake ndicho chidamubweza. Tikalanga kuulula koteroko ndi chilango chachikulu koposa, tikhala tikuphunzitsa ena onse amene ali m'dzenje lomwelo kuti akhale chete. Alypius uja adabatizidwa pamodzi ndi Augustine ku Milan pa Pasaka wa chaka cha 387, ndipo patapita zaka zochepa adakhala episkopi wa Thagaste. Mpingo umamulemekeza ngati woyera. Mwayi wake udali wakuti mnzake sadamutaye.

Nafenso tili ndi mlandu. Ife amene tikulemba pano tidali pa msonkhano umene udagwirizana kuti ndalama za kwaya zizisungidwa pa foni ya munthu mmodzi, nambala yachinsinsi n'kuidziwa yekha, popanda buku, popanda woona kumapeto kwa mwezi. Tidati n'zachangu ndiponso zosavuta. Tidasenzetsa mnyamata wa zaka makumi awiri katundu amene ngakhale wamkulu akadagwa naye, pa foni yomweyo imene kandege kamaulukira.

Maganizo amene tidzapereke ku komiti ndi awa. Mnzathuyu abweze ndalama zonse mwezi ndi mwezi, kuchokera m'thukuta lake, pa ndondomeko yolembedwa. Mayi ake abwera kale kawiri, akufuna kugulitsa nandolo amene adasungira chakudya ndi mbewu kuti amuchotsere manyazi, ndipo tawakaniza, chifukwa tikalandira ndalama imeneyo ndiye kuti juga yadya nyumba imodzi kawiri. Asagwirenso ndalama za gulu. Akhale ndi wamkulu mmodzi woyenda naye, amene adzamuuze zoona sabata iliyonse, ndipo Bambo Mfumu avomera kukumana naye. Koma m'kwaya akhalemo, aziyimba. Thumba lililonse la gulu m'parishi muno likhale ndi osayinira awiri ndi buku lowerengedwa poyera. Tidzapemphanso bwalo la parishi kuti holo izitsegulidwa masiku a mpira, tizionera limodzi, atsikana ndi anyamata, popanda tikiti ya juga kulowa pakhomo, ndiponso kuti mpikisano wa mpira wamiyendo ndi wamanja pakati pa Malimana uyambirenso mvula isanagwe. Amene ali ndi zikwanje abwere nazo Loweruka m'mawa, udzu wa pabwalo uja sudzitchetcha wokha.

Tili ndi pempho limodzi kwa mamembala a komiti. Amene adzakweze dzanja kuti mnzathuyu achotsedwe ali ndi ufulu wotero, ndipo voti yake idzawerengedwa. Koma asanakweze dzanjalo, adzayambe waika foni yake patebulo, yotsegula, kuti mlembi aone mauthenga a ndalama a mwezi wathawu. Yathu idzakhala yoyamba kuikidwa.

Msonkhano udzayamba ikangotha Misa yachiwiri, m'kalasi la katekisimu. Tikudziwa kuti masana kuli mpira, ndipo tidzayesetsa kumaliza usanayambe.